Abuluzi anga a bearded dragon sakukwerana, nditani?

FUNSO: Akulu, ine ndili ku Joni, ndimaweta ma bearded dragon awiri, wamphongo ndi wamkazi, amakhala khola limodzi koma palibe chikuchitika. Wamphongoyo akangoyandikira, mnzakeyo amathawa kukabisala. Wamkaziyo ali ndi miyezi 11. Ndiwapatse chani kuti ayambe? Wowerenga, Johannesburg.

YANKHO: Achimwene, musawapatse kalikonse, poyamba alekanitseni lero lomwe. Wamkaziyo ndi mwana, dikirani afike miyezi 18 kapena zaka 2 komanso azilemera magalamu oposa 350, chifukwa mazira amamudya kashiamu wambiri m'thupi, akakhala wamng'ono mazira amatha kumukanirira m'mimba mpaka kufa. Kubisalako akutopa naye wamphongoyo. Abuluzi amenewa mwachibadwa amakhala okhaokha, kugona khola limodzi kumangowasautsa.

Kwawo ndi ku Australia, madera ouma a pakati, ndiye chimene chimawadzutsa kukwerana ndi nyengo. Nthawi yozizira amagona tulo tawo tija amati brumation, kudya amasiya, kukayamba kufunda ndi pamene amafunana. Mwayi wanu ndi wakuti June ndi July ku Joni kumazizira nthawi imodzi ndi kwawoko. Kuti agone tulo timeneti, muziyatsa nyale maola 8 mpaka 10 patsiku, kutentha kutsike, kwa miyezi iwiri kapena itatu, koma musanayambe muonetsetse kuti m'mimba mulibe chakudya ndipo ali bwinobwino, wodwala musamugoneke ayi. Madzi asasowe.

Akadzuka adyetseni bwino masabata angapo, nkhululu zowaza ufa wa kashiamu, masamba, nyale ya UVB, yomwe imawapatsa kuwala ngati kwa dzuwa, ikhale yatsopano. Kenako muwakumanitse inu muli pomwepo. Wamphongo ndevu zimada bii, n'kumagwedeza mutu mwamphamvu ngati gulo pamtengo, wamkazi akalola amazunguza dzanja limodzi pang'onopang'ono, wamphongo amamuluma pakhosi kuti amugwire, zimenezo musadabwe nazo. Zikatheka mubwezeni aliyense kwake. Akakana, osakakamiza, yesaninso patapita masiku.

Pakadutsa masabata 4 mpaka 6 wamkazi amayamba kukumba paliponse pofuna kuikira, muikireni bokosi la mchenga wosakaniza ndi dothi lachinyezi. Amaikira mazira pafupifupi 20, nthawi zina kuposa, ndipo amasunga umuna moti atha kuikiranso kangapo popanda kukumananso ndi wamphongo. Mazirawo osawatembenuza, aikeni mu vermiculite, timiyala topepuka tosunga chinyezi, pa madigiri 28 kapena 29, amaswa pakatha miyezi iwiri. Kukatentha kupitirira 32, ena amene akanakhala amphongo amabadwa aakazi, ofufuza a ku University of Canberra anaziona zimenezi. Incubator, bokosi lofunditsira mazirawo, ikhale ndi batire poti magetsi akhoza kuzima.

Chimene ndikufuna muganize kwambiri ndi anawo. Amadya tizilombo kangapo patsiku, akathithikana amalumana michira ndi zala, ndiye pamafunika makola angapo ndi nyale zake. Pezani kaye anthu owatenga musanawakumanitse makolowo.