Tifunseni: Kodi zaluso zingadyetse mzinda?

Funso: Zikomo a mkonzi. Ine ndimagulitsa masipeya a galimoto ku Limbe. Mwana wanga wamkulu wakakamira zojambula ndi zisudzo ndiye akuti ku Spain kuli mzinda unalemera ndi museum basi. Zoona zimenezi kapena akungondinyengerera kuti ndimulipirire fizi? Inetu ndimati mzinda uziyamba misewu ndi zinyalala, zovinavina pambuyo.
Bambo wa ku Limbe

Yankho: Bambo, mwana wanuyo sakunama ayi, kungoti wakuuzani theka. Mzindawo ndi Bilbao, kumpoto kwa Spain. M'zaka za m'ma 1980 zinthu kumeneko zinavuta, mafakitale a zitsulo ndi okhoma sitima zapamadzi akutsekedwa, anthu ali pa ulova, mtsinje wa Nervión ukununkha ngati Mudi wathuyu, ndiye mu 1983 kunabweranso chigumula. Akuluakulu a dera la Basque, kumene kuli mzindawu, anaika ndalama zaboma pa museum ya Guggenheim, pulani yake anajambula Frank Gehry, chinyumba chopindikapindika chokutidwa ndi chitsulo chotchedwa titanium, pakhomo pali chigalu chachikulu cha maluwa okhaokha chimene aliyense amafuna ajambulitse nacho. Inatsegulidwa mu Okutobala 1997 ndipo anthu ambiri akomweko ankalankhula ngati inuyo, kuti ndalama zikungoseweretsedwa. Pano kumafika alendo pafupifupi 1 miliyoni pachaka, zaka zina kupitirira, ndipo mlendotu sadya zithunzi, amafuna pogona, chakudya, takisi.

Theka limene mwana sanakuuzeni ndi lanu lomwelo la misewu. Sitima yapansi panthaka anali atatsegula kale mu 1995, mtsinje uja anauyeretsa kwa zaka zambiri, bwalo la ndege analimangira chinyumba chatsopano mu 2000. Museum inangofika ntchito yokonza mzinda ili kale mkati. Ena anaganiza kuti chinyumba chokongola pachokha chikwanira, ku Sheffield ku England anatsegula museum ya nyimbo yotchedwa National Centre for Popular Music mu 1999, anthu osabwera, pofika 2000 atseka.

Kuno kwathu musayang'ane zinyumba, pitani ku Dzaleka ku Dowa nthawi ya Tumaini Festival imene inayamba mu 2014. Kulowa ndi ulele koma taonani mmene ndalama zimayendera, alendo amagona m'nyumba za anthu othawa kwawo nkulipira, amayi a chapati mafuta osazima pamoto, a kabaza osapuma, atelala zitenje kutha. Vuto ndi loti ndi masiku ochepa pachaka, zikatha aliyense wabwerera ku umphawi wake, pamene woimba wa ku Blantyre amasowa holo yabwino yoti aziimbamo Loweruka lililonse ndiye amangothera m'mabala.

Za fizizo, mufunseni mwanayo akuonetseni zimene wajambula kale ndiponso ngati alipo anamugulapo ngakhale chimodzi. Ngati alipo lipirani, koma Loweruka azibwerabe kushopu adzaphunzire kuwerengera ndalama.