Ophunzira akangoti zii pa intaneti, musathamangire kugula pulogalamu yatsopano

Mphunzitsi wina wa pa koleji ina kuno ku Thyolo wanditumizira imelo. Akuti akamaphunzitsa pa Zoom, ophunzira amatseka makamera, akafunsa funso onse amangoti zii, ndipo akufuna ndimuuze pulogalamu yomwe ingawachititse kuti amasuke.

Achemwali, funso lanu landifika pamtima chifukwa ine ndidali mmodzi mwa anthu oti ziiwo. Boma litatseka sukulu pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, ndinali mphunzitsi wa sekondale yemwe ankachita digiri kuti akwere pantchito. Ndidabwerera kumudzi chakufupi ndi Goliati. M'nyumba netiweki sinkagwira, ndiye ndinkakwera kachitunda ka m'mphepete mwa munda wa tiyi, foni m'manja, nthawi zina kukuwaza mvula yamawawa ya Chiperoni. Lekichala wina ankalamula kuti aliyense atsegule kamera apo ayi amulemba kuti wajomba. Kutsegula kamera kunkatanthauza kuti bando ya sabata yonse ithe kalasi imodzi isanathe. Kunkatanthauzanso kuti anzanga a m'tauni aone komwe ndaima, ana akulira kumbuyo, amayi akudutsa ndi mtolo wa nkhuni. Funso ndinkalidziwa yankho lake, koma manyazi ndi nkhawa ya ndalama zinkanditseka pakamwa.

Panali lekichala wina, mayi wachikulire ndithu, amene sankatiitana pa Zoom n'komwe. Lolemba lililonse ankatumiza mawu ojambula pa WhatsApp, aafupi, osapitirira mphindi zisanu. Ankayamba ndi moni, kenaka n'kutchula anthu awiri kapena atatu ndi mayina awo: zimene mudalemba sabata yatha zandiganizitsa, tafotokozerani anzanu. Kumva dzina lako likutchulidwa ndi munthu amene wawerengadi ntchito yako kumakudzutsa. Chachikulu china, adatigawa m'magulu a anthu asanu potengera komwe timakhala, osati mayina a m'kaundula. A ku Luchenza pawokha, a ku Bvumbwe pawokha, a ku Chitakale ndi Limbuli pawokha. Malamulo atafewa, gulu lathu linkakumana Loweruka m'kalasi ya pulayimale, wina atakopera kale zolemba zonse pa foni yake n'kugawira ena pa Bluetooth.

Gulu limenelo lidakalipo. Namondwe wa Freddy atasakaza Mulanje, Phalombe ndi Blantyre mu March 2023, tidamvera mmenemo kuti mnzathu wina nyumba yake yagwa, ndipo tidasonkha kangachepe pa foni. Maphunziro anali atatha kale. Ubale umenewu adaupanga ndi mayi uja pa tsiku lomwe adakhala pansi n'kuganiza kuti ndani akhale ndi ndani.

Apa ndinene mosabisa. Kukakamiza wophunzira wa kumudzi kutsegula kamera ndi nkhanza, ngakhale wokakamizayo ali ndi cholinga chabwino. Timakonda kukonza maphunziro ngati aliyense ali pa kampasi yokhala ndi Wi-Fi. Taonani yunivesite ya sayansi ya MUST ku Ndata, yomwe idayamba kulandira ophunzira mu 2014, kapena koleji ya zaumoyo ya Malamulo ku Makwasa: ophunzira ake amachokera m'maboma onse, ndipo akapita kwawo ambiri amakatchajitsa foni pa golosale. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja ounikira magetsi sadafike 12 pa 100 alionse. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ngakhale amene ali ndi magetsiwo ankakhala mumdima maola ambiri. Ndiye wina akonze kalasi ya maola awiri yofuna kanema wosaduka, kenaka n'kumati ana a masiku ano ndi aulesi? Ayi, achemwali, ulesi uli pa kakonzedwe ka phunzirolo.

Zimandipwetekanso kuona kuti pamisonkhano ya aphunzitsi timatha tsiku lonse tikukangana za Moodle ndi Google Classroom, mapulogalamu ophunzitsira pa intaneti, koma palibe amene amafunsa ngati wophunzira wa chaka choyamba, mwana wa mayi wothyola tiyi, woyamba kufika ku koleji m'banja lonse, ali ndi munthu mmodzi yekha amene angamufunse chinthu osaopa kusekedwa. Ana otere sasiya sukulu chifukwa cha mayeso okha. Amayamba kusowa pang'onopang'ono, ndipo palibe amazindikira mpaka dzina litasowa pa mndandanda wa zotsatira.

Nanga muchite chiyani?

Musagule kanthu. Sabata yoyamba funsani aliyense payekha, mwachinsinsi, foni yomwe ali nayo ndi nthawi yomwe netiweki imagwira kwawo. Zolemba muziike pa Moodle, pakuti apu yake ya pa foni imalola kukopera n'kumawerenga popanda intaneti. Kalasi ya pamodzi ikhale yaifupi, ya mawu okha. Perekani ntchito yoti singatheke popanda kufunsana, ndipo magulu muwagawe potengera madera. Lolani kuti pokambirana asakanize Chichewa kapena Chilomwe, Chingerezi chidikire polemba. Amene wasowa masabata awiri muimbireni foni nokha, ndipo funso loyamba likhale lakuti kunyumba kuli bwanji.