Bala ya m'makwalala: yankho kwa m'bale wa ku Joni

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa m'bale wina amene wakhala ku Johannesburg zaka 9 akugwira ntchito ya ulonda. Akuti wasungako kandalama, wagula kapuloti ku Goliyo m'Ndirande, ndipo akufuna kutsegula bala. M'mutu mwake muli matailosi, magalasi akuluakulu, magetsi othwanimathwanima ndi masipika aatali ngati munthu. Funso lake nali: "Kodi n'chiyani chimachititsa anthu kukakamira kabala kena kakale ka m'makwalala, n'kumadutsa pa ina yatsopano yokongola? Nanga ndiyambe ndi mowa wanji?"

Achimwene, safunsa anadya phula. Mwachita bwino kufunsa musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi. Ndikuyankhani pokufotokozerani za bala imene ndakhala ndikumwako kwa zaka zambiri m'Ndirande momwemo. Dzina lake sinditchula chifukwa eni ake sanandipemphe kuti ndiwalengeze.

Kuti mukafike, mumasiya msewu wa tala, n'kulowa kanjira kodutsa pakati pa chigayo ndi pamene anyamata amawotcherera zitsulo, n'kudumpha ngalande. Mlendo sangaipeze yekha. Utoto wobiriwira wa pakhoma unasuluka kalekale. M'kati muli kauntala ya simenti, mabenchi anayi, mipando ingapo ya pulasitiki, makreti otembenuza oti ofika mochedwa akhalepo, ndi tebulo la pulu limene nsalu yake inasokedwa pakona imodzi, moti aliyense wosewera pamenepo amadziwa kuti mpira ukafika pamsokopo umapatuka. Wailesi yakanema ili m'mwamba m'kakhola ka zitsulo. Pakhonde pali bawo. Zonse ndi zomwezi. Koma kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu, malo okhala amasowa, pamene bala ina ya matailosi imene inatsegulidwa chakumtunda kwake yasintha eni ake katatu ine ndikuona.

Chinsinsi chake chili kuseri kwa kauntala. Pali mayi wina amene wagulitsa pamenepo kuyambira ndisanakwatire. Munthu akangotulukira pakhomo, mayiyo amakhala atatsegula kale firiji, chifukwa akudziwa kuti uyu ndi wa Carlsberg Green, uyo ndi wa Kuche Kuche, adala aja opuma pantchito safuna wozizira kwambiri chifukwa cha mano. Amatsegula botolo pamaso panu, amalipukuta pakamwa ndi kansalu koyera, ndipo akamakupatsani amafunsa za mwana wanu amene anadwala mwezi watha. Tsiku lina ndinaona bambo wina atalandira malipiro akuitanitsa raundi yachitatu ya anthu asanu ndi awiri. Mayiwo anawakokera pambali, anawayankhula pansipansi, kenaka bamboyo anatulutsa ndalama zina n'kuwapatsa kuti awasungire. M'mawa mwake mkazi wawo ndiye anabwera kudzazitenga. Mayiwo anataya malonda a usiku umodzi, koma banja limenelo silinayambe lanenapo zoipa za bala imeneyo, ndipo bamboyo akumwabe pomwepo mpaka lero.

Ndakhalitsa pa nkhani ya mayiyu dala. Munthu wa m'makwalala sapita ku bala chifukwa chosowa kogula mowa. Botolo akhoza kuligula pa golosale n'kukamwera kunyumba. Amapita chifukwa nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri, ana akulemba homuweki pa tebulo lomwe akadakhalapo, ndipo akufuna malo oti akhale pansi n'kumva kuti mtengo wa chimanga ku Lunzu wafika pati, ndani akufuna mmisiri womanga, ndi bwana uti ku Makata akulemba anthu ntchito. Maganyu ambiri m'dera lathu amapezeka pa mabenchi amenewa. Tsono mukaika masipika oti munthu azikuwira m'khutu mwa mnzake, mwachotsa chimene anabwerera. Nyimbo zikhalepo, inde, koma pamlingo woti anthu awiri amvane. Loweruka usiku mutha kukweza pang'ono.

Bala ya m'makwalala imasintha nkhope malinga ndi nthawi. Cha m'ma 4 koloko amafika adala a bawo, amene amatha maola awiri ndi botolo limodzi kapena paketi imodzi, ndipo musawaone ngati otayitsa nthawi chifukwa ndiwo amasunga ulemu wa pamalopo. Mnyamata sangatukwane iwo ali pakhonde. Dzuwa likamalowa kuseri amafika oweruka m'mafakitale, nsapato zili fumbi. Oyendetsa minibasi ndi makondakitala awo amabwera pomaliza atapereka ndalama kwa mabwana awo. Tsiku limene Maule akusewera ndi Manoma pa Kamuzu Stadium, zonsezi zimasokonekera, chifukwa ambiri kuno ndi a Bullets ndipo ochepa a Wanderers amakhala pakona yawoyawo, okonzeka kunyozedwa kapena kunyoza. Mkangano umenewo ndi wokoma, ndipo wogulitsa wanzeru amadziwa pamene wayamba kuwawa.

Tsono za mowa. Muyambe ndi Green, palibe kuchitira mwina. Fakitale ya Carlsberg ya ku Makata inatsegulidwa mu 1968, ndipo inali yoyamba ya kampaniyi kunja kwa dziko la Denmark. Ngakhale kuti mu 2016 inagulidwa ndi Castel ya ku France, munthu wa kuno akamati "ndipatseni Green" amatchula chinthu chimene bambo ake ankamwa, ndipo lilime lake linazolowera. Pambali pake ikani Kuche Kuche, amene dzina lake lomwe likunena za kumwa mpaka kunja kutayera, ndi Special Brew pang'ono wa amene amafuna woluma. Malawi Gin asasowe pa shelefu. Mowa wakunja umene munazolowera ku Joni mutha kusunga kreti imodzi ya alendo, koma musamangirire ndalama zanu pamenepo.

Musanyoze Chibuku. Ndikudziwa kuti anthu obwera kuchokera kunja amaona ngati paketi idzawonongera maonekedwe a malo awo. Koma kumbukirani kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo malipiro a anthu amene mukufuna adzamwe kwanu sanakwere chimodzimodzi. Munthu yemweyo amene amamwa Green pa 1 mwezi amamwa Chibuku pa 20. Mukamusowetsa Chibuku pa 20, adzapeza pena, ndipo pa 1 adzapita komweko. Chibuku alinso ndi mwambo wake umene botolo lilibe. Taonani mmene mdala amagwirira paketi: chala pakamwa pake, kuikhutchumula mbali zonse kuti masese asakhale pansi, kuidula pakona, kumwa kamodzi, kupukuta ndevu ndi kuseri kwa dzanja, n'kupatsira mnzake. Mowa umenewu umapitiriza kuwira uli m'paketi momwemo, n'chifukwa chake wa tsiku loyamba umatsekemera ndipo wa masiku angapo umawawasa ndi kuledzeretsa msanga. Aliyense ali ndi tsiku lake limene amakonda, ndipo wogulitsa ayenera kunena zoona za tsiku limene unafika. Muitanitse wochepa pafupipafupi, chifukwa ukapitirira ndi wotaya.

Kachasu ndi tinthu tija totchipa ta ukali tosadziwika kochokera, musalole kuti tilowe pakhomo panu, kaya phindu lake likhale lotani. Tonse tinaona zimene mowa wa m'masacheti unachita kwa anyamata m'madera athu boma lisanauletse. Ana a sukulu ankaubisa m'matumba a yunifolomu, ndipo ena amene tinakula nawo tinawaika m'manda asanakwanitse zaka 30. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero, ndipo sindingakhale pa bala imene imagulitsa zotere.

Ndalama ya matailosi ija muigwiritse ntchito pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi firiji yachiwiri ndi njira yoti mowa uzikhala wozizira magetsi akathima, kaya ndi jenereta, kaya sola, kaya madzi oundana. M'mwezi wa Okutobala munthu amakhululuka benchi yogwedera, koma mowa wofunda sakhululuka, ndipo amakauza anzake. Chachiwiri ndi chimbudzi chabwino, cha amuna pachokha, cha akazi pachokha, chokhala ndi loko, getsi ndi madzi osamba m'manja. Mabala ambiri m'makwalala amagwa pamenepa. Anthu amakodzera kuseri kwa khoma la oyandikana nawo, fungo limadzaza kanjira konse, ndipo amayi a m'deralo amayamba kudana ndi malowo ndi chifukwa chomveka.

Pezaninso munthu wa chiwaya woti akhale pafupi ndi khomo. Musamulipiritse zambiri, chifukwa utsi wa kanyenya ndi fungo la mang'ina owira ndi tsabola wa kambuzi zimaitana anthu kuposa chikwangwani chilichonse. Munthu amene wadya amakhalitsa, ndipo saledzera moipa.

Oyandikana nawo ndi nkhani ina imene anthu ochokera ku Joni amaiwala. Kumeneko mwina munazolowera bala ya pamsewu wa malonda, koma ku Goliyo khoma lanu lidzakhala mamita ochepa kuchokera pa zenera la chipinda chimene mwagona mwana wakhanda. Laisensi mukatenge ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, nthawi yotsekera muzitsata, ndipo mwana wosakwana zaka 18 asagule ngakhale atanena kuti watumidwa ndi bambo ake. Koma pali malamulo ena osalembedwa. Pafupi pakagwa maliro, nyimbo zimazima mpaka malirowo ataikidwa m'manda, ndipo mwini bala amapita kukakhuza ndi chipepeso m'manja. Ku bala yathu ija zikatere anthu amamwa chamumtima, ena amanyamuka limodzi kukagona kusiwa. Mfumu ya m'dera mukaione musanayambe kumanga. Walira mvula walira matope: pamene pali mowa ndewu siilephera, ndipo tsiku limenelo mudzafuna anthu okuikirani kumbuyo.

Za ngongole ndinene mosabisa. Simungazipewe, chifukwa bala ya m'makwalala imakhalira anthu omwewo mwezi ndi mwezi. Mayi uja ali ndi kope lachikuto cholimba, munthu aliyense tsamba lake, ndipo aliyense ali ndi malire ake amene mayiyo anawayeza poona ntchito yake ndi khalidwe lake. Akafika pamalirepo amamuuza payekha, osati pagulu. Koma kope limeneli limagwira ntchito m'manja mwa munthu amene amadziwa anthuwo. Achibale ndi anzanu akale ndiwo adzayambe kulembetsa, poti "wabwera ndi marandi", ndipo amenewo ndi ovuta kuwalonjerera kuposa mlendo.

M'kalata yanu munanenanso kuti mwina mungatsegule balayo n'kubwerera ku Joni kwa chaka china kapena ziwiri, n'kusiyira mphwanu kuti aziyang'anira. Apa ndiye ndikukuletsani, achimwene. Ndaona mabala angapo otere, ndipo mwini wake amalandira mafoni a mavuto okhaokha mpaka firiji itagulitsidwa. Ngati nthawi yobwerera kwathunthu siinakwane, mangani kaye chipinda ndi chimbudzi, mubwereketse kwa wa golosale. Mukadzabwera pa Khirisimasi, mudzakhale masabata awiri mukuzungulira mabala a ku Chinseu ndi ku Goliyo madzulo alionse, botolo limodzi pamalo pamodzi, maso ali pa munthu wa kuseri kwa kauntala. Mukadzandilembera nthawi imeneyo, ndidzakutengerani kwa mayi uja kuti mukacheze nawo masana, anthu asanayambe kufika.