Yankho kwa asuweni pa nkhani ya maphatikizo

Asuweni, uthenga wanu ndaumva. Mwafunsa kuti mawu akuti "nzimbe" ali ndi maphatikizo angati, koma ine ndimakudziwani, simungasowe tulo chifukwa cha nzimbe, inu amene munakulira kutafuna nzimbe ku Nchalo. Chimene chakudetsani nkhawa ndi kope la mwana wanu, ndipo ndikuona kuti mwayamba kukayikira ngati Chisena chimene mumayankhula pakhomo ndicho chikumusokoneza mu Sitandade 1.

Ndisanayankhe, kodi mukuwakumbukira amalume ku Bangula? Ayi, ndalakwitsa, nthawi imeneyo anali akadali ku Makhanga, chisanafike chaka chija cha madzi. Madzulo akamapita kukaonjola nsomba pa Shire ankatikweza m'bwato, ndipo tikafika pakati ankaleka kupalasa, n'kutchula mawu amodzi, kenako n'kugogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi. "Bwa-to", ankagogoda kawiri. "Ng'o-na", kawiri. "Ma-la-mbe", katatu. Ife tinkayankha ndi m'manja, ndipo wolakwitsa ndiye ankasenza dengu la nsomba mpaka kunyumba. Eee... tsiku lina anatchula "mvuu", inu munaomba kamodzi n'kuumirira kuti mwakhoza, mpaka misozi. Amalume sanakalipe. Anakugwirani dzanja, analiika pansi pa chibwano chanu, n'kukuuzani kuti mutchule pang'onopang'ono, "mvu-u", kenako "ma-sa-u", kufikira mutamva nokha kuti liwu lomalizalo limaima palokha. Dengu munasenzabe, asuweni, musakane, mboni zilipo. Amalumewo sanapite patali ndi sukulu, ndipo m'bwatomo munalibe kope ngakhale choko.

Tsono nzimbe... maphatikizo ndi awiri, "nzi-mbe". Ngati mwanayo analemba 6, ndiye kuti anawerenga malembo ndi maso, ndipo anawerenga bwino, kungoti funso silinali la malembo. M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, a, e, i, o kapena u, choncho n, z ndi i zimatuluka m'kamwa nthawi imodzi. Chisena chimayendanso motero, ndiye musachiimbe mlandu.

Chimene ndikufuna kunena n'chakuti mwanayo si wofooka m'kalasi. Wangofulumira kuyang'ana asanamvetsere. Tsekani kopelo kaye, ayambe ndi khutu. Mukamasenda mbatata kapena popita kumjigo, tchulani dzina lake, dzina la agogo, "Nsa-nje", "Chi-kwa-wa", "tho-nje", "mbu-zi", iye aziomba m'manja kapena kuika mwala umodzi pa phatikizo lililonse. Mawu asanu pa tsiku akwana... kapena atatu, ngati kwatentha monga mmene kukutenthera masiku ano. Akazolowera, m'pamene mumuonetse mawuwo olembedwa.

Mwandimva, asuweni? Mwanayo alibe vuto, ayambe wamva, kulemba kubwere pambuyo. Loweruka ndikubwera kumeneko, ndipo ndidzamufunsa ndekha za mvuu, inu muli pomwepo.