Nkhuku zochepa kuseri kwa nyumba m'tauni: za tambala, fungo ndi kadimba kanu

Mayi, mwafunsa ngati n'zotheka kuweta nkhuku zochepa za mazira pakamalo ka kuseri kwa nyumba m'tauni pomwe mulinso ndi kadimba ka masamba, ndipo nkhawa yanu yagona pa kulira kwa tambala ndi fungo limene lingakudanitseni ndi oyandikana nawo. N'zotheka ndithu, ndipo ineyo ndakhala ndikuweta pamalo otere kwa zaka zingapo, koma musanagule nkhuku ngakhale imodzi muyambe mwafunsa eni nyumba ngati mukuchita lendi, komanso mufufuze zimene malamulo a khonsolo ya mzinda wanu amanena, chifukwa mizinda ina imalola mathadzi koma imaletsa atambala.

Nkhani ya tambala ndi yaifupi, chifukwa simukumufuna n'komwe. Thadzi limaikira ngakhale palibe tambala, ndipo iye amangofunika pamene mukufuna mazira oti akafungatiridwa kwa masiku 21 aswe anapiye. Mugule misoti itatu kapena inayi ya masabata 16 mpaka 18, popeza nkhuku sikondwa ikakhala yokha, ndipo zambiri zimayamba kuikira pakati pa masabata 18 ndi 22. Dzira limodzi limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangike, choncho musayembekezere mazira anayi tsiku lililonse kuchokera ku nkhuku zinayi. Mitundu ngati Isa Brown imafika mazira pafupifupi 300 m'chaka choyamba kenako imayamba kutsika, pomwe Rhode Island Red ndi Australorp zimaikira ocheperako koma zimapirira ndipo zimakhalitsa.

Pa fungo m'pamene ndikufuna kutsindika, chifukwa anthu ambiri amaimba mlandu nkhuku pomwe cholakwa ndi chinyontho. Zitosi zouma sizinunkha kwenikweni, koma zikanyowa zimatulutsa mpweya wa amoniya, umene umapweteka maso ndi mapapo a nkhuku usanafike n'komwe pamphuno pa anzanu a kuseri kwa mpanda. Khola likhale ndi denga losadontha, pansi pakhale pokwera kuti madzi a mvula asalowe, ndipo muyalepo utuchi wokhuthala masentimita 10, umene muziutembenuza ndi fosholo kawiri kapena katatu pa sabata. Musiye mipata ya mpweya m'mwamba pafupi ndi denga, osati m'munsi pomwe mphepo ingaziombe zili m'tulo. Chomwera madzi muchiike pa njerwa kuti chifike pamsana pa nkhuku, chifukwa chikakhala pansi zimachipondaponda ndi kupalasiramo utuchi, ndipo pofika madzulo pamalopo pamakhala chithaphwi. Nkhuku zimakonda kugona pamtengo wopingasa, ndipo zitosi zambiri zimagwa usiku pansi pa mtengowo. Ine ndinaika thabwa lalikulu pansi pake, ndipo m'mawa uliwonse ndimalipala ndi kachitsulo n'kuthira zitosizo m'chidebe chovindikira, ntchito ya mphindi ziwiri imene imachotsa mbali yaikulu ya vutoli. Mukafuna kudziwa ngati khola lili bwino, muwerame mpaka mutu ufike pamene pamafika mitu ya nkhuku, ndipo ngati maso ayamba kuyabwa, nthawi yosintha utuchi inapitirira kale. Malo asapanikizike: nkhuku zinayi zimafuna pafupifupi masikweya mita awiri m'khola ndi ena anayi kapena kuposa panja poyendayenda.

Chinthu chimene simunafunse, koma chimene chimayambanitsa anthu kuposa fungo, ndi makoswe. Iwo amabwera chifukwa cha chakudya chotayika, ndipo akakhazikika salemekeza mpanda wa munthu. Chakudya chisungidwe m'chidebe chachitsulo chotseka bwino, chodyera chichotsedwe m'khola dzuwa likalowa, ndipo mazira atoleredwe tsiku lomwelo. Waya wa khola ukhale wa timabowo ting'onoting'ono, ndipo mukwirire mbali yake pansi masentimita 30 kuti agalu ndi makoswe asakumbe. Pamwamba pa bwalo lawo muphimbenso, chifukwa akabawi m'tauni aliponso.

Za kadimba kanu ndikuuzani zimene zinandichitikira. Tsiku lina ndinazitsegulira nkhuku kuti zitole tizilombo pakati pa mabedi, ndikuganiza kuti zindithandiza. Nditabwerako patatha ola limodzi ndinapeza mbande za tomato zimene ndinawokera dzulo lake zili chagada mizu m'mwamba, ndipo thadzi lina linali litakumba dzenje pakati pa bedi likusamba fumbi mosatekeseka. Nkhuku ndi masamba zimafuna mpanda pakati, ndipo muzizilowetsa m'dimba pokhapokha mutakolola, pamene kupalasa kwake kumakhala kothandiza. Zitosi zake ndi manyowa amphamvu kwambiri, koma zikakhala zaziwisi zimawotcha mbewu ndiponso zimatha kukhala ndi majeremusi ngati Salmonella, choncho muzisakanize ndi utuchi wakale ndi masamba ouma, ziwolerane kwa miyezi itatu kapena inayi musanazithire pa mabedi.

Thadzi loikira limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndipo chakudyacho chiyenera kukhala ndi mapuloteni osachepera 16 peresenti ndi kashiamu wokwanira, popeza limafuna pafupifupi magalamu 4 a kashiamu tsiku lililonse kuti lipange chigoba. Pa chifukwa chimenechi chakudya cha nkhuku zoikira chogula m'thumba chikhale maziko, zotsala za kukhitchini zikhale zongowonjezera. Ambiri amachita zosemphana ndi zimenezi, kenako amadabwa kuona mazira a zigoba zofewa. Musazipatse zachuku, zamchere wambiri, nyemba zosaphika kapena mapeyala. Madzi oyera asasowe ngakhale theka la tsiku, chifukwa nkhuku ikavutika ndi ludzu imatha kusiya kuikira kwa masiku angapo.

Pa matenda, chitopa ndicho choopsa kwambiri chifukwa chilibe mankhwala ochiza ndipo chimatha kupulula khola lonse m'masiku ochepa, choncho mufunse wogulitsa ngati misotiyo inalandira katemera, ndipo dokotala wa ziweto akuuzeni nthawi yobwereza. Nkhuku yatsopano ikhale payokha kwa masabata awiri musanaisakanize ndi zinzake. Tizilombo tofiira toyamwa magazi timabisala m'ming'alu ya matabwa masana n'kumatuluka usiku, motero muziyendera khola ndi tochi kukada, n'kupukuta kunsi kwa mtengo wogonapo ndi pepala loyera kuti muone ngati patsala timizere ta magazi. Ana akagwira nkhuku kapena mazira asambe m'manja ndi sopo.

Musadzadandaule nkhuku zikadzayamba kuthothoka nthenga n'kuleka kuikira zikakwanitsa pafupifupi chaka ndi theka, chifukwa zimatero kamodzi pachaka kwa masabata angapo pomera nthenga zatsopano, ndipo masiku akafupika mazira amachepanso popeza zimafuna kuwala kwa maola 14 kapena kuposa kuti ziikire bwino. Pa nthawi imeneyo muziwonjezere mapuloteni ndipo musazigwiregwire, chifukwa nthenga zikamamera thupi lake limamva kupweteka.