Kodi LDL yokwera ikutanthauza kuti mitsempha ya mtima yatsekeka?

Bambo, mwafunsa ngati LDL (imene ambiri amaitcha kolesterolo woipa) ya 4.2 mmol/L imene yaoneka pa zotsatira za magazi anu ikusonyeza kuti mitsempha ya mtima wanu yatsekeka kwambiri. Nambala imeneyi payokha siyeza kutsekekako, koma ndi chenjezo losafunika kulinyalanyaza.

LDL ndiyo imanyamula kolesterolo, chinthu chonga mafuta cha m'magazi, n'kukamusiya m'makoma a mitsempha, mmene amaunjikana pang'onopang'ono monga matope amachitira m'ngalande za ku Kanyama ku Lusaka nthawi ya dzinja, mpaka magazi ayamba kudutsa movutikira. Mwa mitundu yake, timagawo ta LDL tating'onoting'ono ndito timandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa timalowa m'khoma la mtsempha mosavuta, ndipo timachuluka mwa odwala shuga ndi mwa amene triglyceride yawo (mtundu wina wa mafuta a m'magazi) ili pamwamba. Koma HDL, imene imatchedwa kolesterolo wabwino, imabwezera kolesterolo ku chiwindi, choncho mwa amuna ikatsika kuposa 1.0 mmol/L si bwino.

Chimene chimaonetsa bwinobwino kukula kwa vutoli ndi angiogram, kujambula kumene kumaonetsa m'kati mwa mitsempha ya mtima. Ngati pachifuwa pamakufinyani mukakwera masitepe kapena mukanyamula katundu kuchokera ku msika wa Soweto, musazengereze kupita ku chipatala chachikulu cha UTH, ndipo adokotala akakulemberani statin, mankhwala otsitsa LDL, muzimwa tsiku lililonse osadumphitsa.