Land Rover yakale ya malemu bambo anu ndi injini ya Hilux

Bambo a ku Senga Bay, mwandifunsa za Land Rover ya 1978 imene bambo anu anakusiyirani. Mwaiutsa ndi injini ya dizilo ya Hilux yogula ku Biwi, ndipo alamu anu a ku London akuti galimoto yakale chonchi sipimidwa ndipo silipira za utsi.

Alamu anuwo akunena zoona, koma za komwe akukhalako. Ku Britain galimoto yopitirira zaka 40 imatha kulembetsedwa ngati yamakedzana, n'kumayenda osapita ku MOT (kopimitsa galimoto chaka ndi chaka), osalipiranso ndalama ya utsi ya ULEZ mu London. Komabe ikakhala kuti inasinthidwa kwambiri m'zaka 30 zapitazi, MOT imaigwirabe. Kuno kwathu Road Traffic Act imafuna kuti galimoto yoyenda pamsewu wa boma ikhale yolembetsedwa, ya COF (chikalata choti inapimidwa ndipo ili bwino) ndi inshuwalansi, kaya ndi ya chaka chatha kaya ndi ya nthawi ya Kamuzu.

Ine chikundidetsa nkhawa ndi injiniyo. Blue book yanu ikadali ndi nambala ya injini yakale. Tsiku lina mukupita ku Lilongwe pa M14, wapolisi adzatsegula boneti, n'kupukuta oyilo ndi kansanza, n'kupeza nambala yosiyana ndi ya papepala. Apo nkhani imasanduka ya injini yoganiziridwa kuti ndi yakuba, ndipo galimoto imagona kupolisi.

Choncho bwererani kwa amene anakugulitsani, akupatseni lisiti yokhala ndi nambala ya injini ndi dzina lawo, komanso mapepala a MRA ngati inachokera kunja. Mukatero apolisi aione ndi kukupatsani chikalata choti si yakuba, kenako a Road Traffic aiyendere n'kusintha nambala mu MalTIS, kaundula wawo wa pakompyuta. Makaniko wina akati angofufuta nambala n'kudinda yakale ija, mukaneni ndithu. Umenewo ndi mlandu wachinyengo, ndipo udzagwera inu.

A inshuwalansi muwauzenso za injini yatsopanoyi, chifukwa pangozi akhoza kukana kulipira ponena kuti munawabisira.

Simunatchule, koma galimotoyi ikadali m'dzina la malemu. Malinga ndi lamulo la chuma chamasiye la 2011, pafunika kalata yoyendetsera chumacho musanasinthe umwini. Yambani mwakhala pansi ndi abale anu, kenako mupite ku ofesi ya DC ku Salima boma akakuuzeni ngati nkhaniyi ithere pomwepo kapena ku khothi.

Za utsi, ingokonzetsani ma injekita musanapite ku COF.